Mphepo ya ku Wimbe Itafika ku Mdeka

Ndi mafilimu ochepa amene adakanganitsapo Amalawi monga idachitira The Boy Who Harnessed the Wind, imene idatuluka m'chaka cha 2019. Chodabwitsa n'chakuti mkanganowo sudali wa zamaliseche, zachipembedzo kapena zandale, zinthu zimene kale zinkachititsa a Censorship Board kutola sizasi. Udali mkangano wa chiyankhulo. Anthu amene takhala tikudandaula kuti dziko lapansi silidziwa n'komwe kuti kuli Chichewa, tsiku limene Chichewacho chidamveka m'nyumba za ku London ndi ku New York ena tidagwira m'mutu, ena tidagwira nthiti ndi kuseka. M'nkhani ino ndikufuna kulondola kumene mkanganowu udachokera, ndipo ndiuyang'ana nditaima kwathu ku Mdeka, m'dera la Mfumu Chigaru, pa msewu wochoka ku Blantyre kupita ku Zalewa, pakuti zimene munthu aona ali pa Mdeka sizifanana ndi zimene aona ali pa khonde la laibulale ku Chirunga.

Tiyambe ndi buku. William Kamkwamba adabadwa m'chaka cha 1987 ndipo adakulira m'mudzi wa Masitala, ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itapsereza chuma cha makolo ake, fizi idasowa ndipo adasiya sukulu ya sekondale ya Kachokolo. M'kalaibulale ka pafupi ndi kwawo adapeza buku lotchedwa Using Energy, limene pachikuto pake padali chithunzi cha makina oyendera mphepo. Ndi zitsulo zotola kudzala, njinga yakutha ya bambo ake, dayinamo ndi mitengo ya bulugamu, adamanga makina amene adayatsa babu. Nyuzipepala ya Daily Times idalemba za iye m'chaka cha 2006. Mu 2007 adakayankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha. Ndipo mu 2009 buku la moyo wake, limene adalemba m'Chingerezi pamodzi ndi mtolankhani wa ku America, Bryan Mealer, lidatuluka ndi kugulidwa kwambiri kunja. Bukuli si nthano yopeka ayi, koma adaliumba ngati nthano, ndipo ambiri amaliwerenga motero.

Amene adalisandutsa filimu ndi Chiwetel Ejiofor, katswiri wa zisudzo wobadwira ku London kwa makolo a Chiigbo a ku Nigeria, yemwe adatchuka ndi 12 Years a Slave. Adalemba yekha sewerolo, nalitsogolera, nachitanso mbali ya Trywell, bambo ake a William. Adasankha zinthu ziwiri zimene ena akadaziopa: kujambulira ku Kasungu komweko, m'chaka cha 2017, osati ku South Africa kapena ku Kenya kumene zipangizo zili pafupi, ndiponso kuti m'banja la Kamkwamba aziyankhula Chichewa, Chingerezi chizimveka makamaka kusukulu ndi m'mawu olembedwa pansi pa chithunzi. Ngakhale zigawo za filimuyo adazitcha maina athu: Kufesa, Kukula, Kukolola, Njala, Mphepo. Koma mbali ya William adapatsa Maxwell Simba wa ku Kenya, ndipo ya mai ake, Agnes, adapatsa Aïssa Maïga, wobadwira ku Dakar nakulira ku France. Amalawi, monga Lily Banda amene adakhala Annie ndi Philbert Falakeza amene adakhala Gilbert, adalimo, koma mizati itatu ya nyumbayo idali alendo. Filimuyo idaonetsedwa koyamba ku Sundance mu Januwale 2019 ndipo idalowa pa Netflix pa 1 Malichi. Dziko limene lidaitumiza ku mpikisano wa Oscar, m'gulu la mafilimu a ziyankhulo zina, ndi Britain. Owerenga aone bwino pamenepa: filimu ya Chichewa idakaimira Mangalande.

Kuti timvetse chifukwa chake makutu athu adadzidzimuka, tiyenera kubwerera m'mbuyo. Sinema idafika m'midzi mwathu pa galimoto, ndipo idafika ndi womasulira. Pakati pa 1935 ndi 1937 gulu la Bantu Educational Kinema Experiment lidayendetsa zithunzi zake m'maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, Nyasaland yomwe. M'chaka cha 1948 kudakhazikitsidwa Central African Film Unit, imene ntchito yake idali kuphunzitsa munthu wakuda kulima bwino, kusunga ndalama ndi kumvera boma. Titalandira ufulu, magalimoto a nthambi ya zofalitsa nkhani adapitiriza mwambo womwewo ndi zithunzi za chitukuko ndi za maulendo a Ngwazi. Amene adali ndi ndalama m'tauni ankapita ku Apollo kapena ku Rainbow kukaona za makaubowi ndi za karate, zitadutsa kaye m'manja mwa a Censorship Board, bungwe limene lidabadwa ndi lamulo la 1968. Wailesi ya kanema ya dziko lino idayamba mochedwa, mu 1999. Pamene idayamba n'kuti vidiyo zitafika kale pa misika ngati Lunzu, Lirangwe ndi Mdeka: kanyumba ka mdima, mabenchi, jenereta kumbuyo, ndi chithabwa panja cholembedwa ndi choko. Pambuyo pake anyamata a m'tauni adaphunzira kuchotsa mawu a eni filimu ndi kuikapo awo, kotero kuti mwana wa ku Mdeka adazolowera kumva Jackie Chan akuyankhula Chichewa cha ku Ndirande, miyambi ndi nthabwala zomwe.

Tsono onani chimene chidachitika mu 2019. Kwa zaka zonsezi tidazolowera nkhope yachilendo ndi lilime lathu. Filimu ya Ejiofor idatembenuza zinthu: nkhope yathu, mudzi wathu, nkhokwe, mtondo, fumbi la Okutobala, koma lilime lachilendo. Munthu amakhululukira Mtchaina woyankhula ngati wa ku Ndirande popeza adziwa kuti ndi masewera. Koma bambo wovala malaya ong'ambika, wogwira khasu monga agwirira atate ako, akatsekula pakamwa n'kutulutsa mawu opindika, mtima umakana.

Chidapindika n'chiyani? Anzathu a m'kalasi ya ziyankhulo angafotokoze bwino kuposa ine, koma zinthu ziwiri zili poyera. Choyamba, Chichewa chimasiyanitsa mawu ndi kampweya kamene timalemba ndi chilembo cha h: pala si phala, kola si khola. Chachiwiri, chimasiyanitsa mawu ndi kukweza kapena kutsitsa liwu, zimene sitilemba n'komwe: mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pamsika timazilemba chimodzimodzi, koma khutu la mwana wa zaka zitatu silisokoneza. Mlendo woloweza mizere papepala saona zimenezi. Amaika mphamvu pamene Mngerezi akadaika, napuma pamene ife sitipuma. Chifukwa chake Amalawi ambiri adalemba pa Facebook ndi pa Twitter kuti adachita kuwerenga Chingerezi cha pansi pa chithunzi kuti amve Chichewa cha pamwamba. Ena adafunsa kuti kodi m'dziko la Du Chisiza, la Kwathu Drama Group, la Izeki ndi Jakobo, mudasowadi munthu woti n'kukhala bambo kapena mai wa ku Wimbe? Oikira kumbuyo filimuyo adayankha kuti ndalama za filimu zimatsata maina otchuka, ndipo kuti popanda dzina la Ejiofor nkhani ya William ikadakhalabe pashelefu. Onse awiri adanena zoona.

Ine ndidaiona ku Mdeka, pa kanema wa sola m'nyumba ya achibale, pamodzi ndi azakhali anga amene sadziwa Netflix kapena Oscar. Achinyamata adayamba kuseka Trywell atangoyankhula, namabwereza mawu ake mokokomeza. Azakhali adamvetsera kwa kanthawi, kenaka adandifunsa: "Kodi mwanawe, bambo amenewa anakhalitsa ku Joni?" Funso limeneli ndaliganizira kwambiri. Dera lathu lidatumiza amuna ambiri ku migodi ndi ku mafamu a ku Halale ndi ku Joni. Mpaka 1974 ndege za Wenela zinkawatsitsira pa Chileka pompa. Ena adabwerako patapita zaka makumi, lilime litalemera ndi Chilapalapa, Chishona kapena Chizulu. Timawatcha matchona. Timawaseka, koma sitiwakana. Timawapatsa malo omanga nyumba. Azakhali sadamve mlendo wolanda chiyankhulo chawo. Adamva mtchona amene akuyesetsa kubwerera kwawo.

Pali chinanso chimene ife akummwera tiyenera kukumbukira tisanayambe kuweruza Chichewa cha anthu ena. M'chaka cha 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party udagamula kuti chiyankhulo chimene chinkatchedwa Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale cha fuko lonse. Mu 1972 kudabwera Chichewa Board yolongosola kalembedwe ndi kayankhulidwe, ndipo muyeso wake udali Chichewa cha kwawo kwa Dr Banda, ku Kasungu. Kuyambira pamenepo mwana wa ku Lirangwe, amene agogo ake ena ndi Amang'anja, ena Ayao, ena Angoni kapena Alomwe, adauzidwa kuti zimene amayankhula kunyumba n'zolakwika. Kunena kuti "anapita" pa zinthu zakalekale kudasanduka mlandu; woyenera adali "adapita", monga ndikulembera ine pano chifukwa cha ndodo ya aphunzitsi. Kotero n'zoseketsa ndithu kuti filimu ya Chichewa chopindika idajambulidwa ku Kasungu kwenikweniko, ndipo ena mwa amene adakwiya kwambiri ndi ife amene kale tinkapatsidwa chilango pa mlandu womwewo. Amene adalawapo chikwapu cha Chichewa choyera asafulumire kuchitola kuti akwapulire mnzake.

Sindikunena kuti madandaulo a chiyankhulo adali opanda pake. Ndikunena kuti phokoso lake lidaphimba funso lina lalikulu, lakuti kodi filimuyo idachita nayo chiyani nkhani ya m'buku. M'buku, makina oyamba a William adayatsa nyale. Adawamanga njala itapita kale, ndipo sadapulumutse nawo munthu ku njalayo. Madzi opopa adabwera pambuyo pake, dzina lake litamveka ndipo anthu akunja atayamba kuthandiza. M'filimu, makinawo amapopa madzi m'chitsime pakati pa chilala, mbewu n'kumera, mudzi n'kupulumuka. M'buku muli zambiri za ufiti ndi mankhwala, ndi za m'mene anthu ena adanenera makinawo kuti akuthamangitsa mitambo pamene mvula idavutanso; filimu idasiya zambiri mwa izi, nisunga gule wamkulu amene amakongola pa chithunzi. Udani wa mwana ndi bambo wake pa nkhani ya njinga adaukulitsa kuti ukhale msana wa sewero lonse.

Aliyense amene adayesapo kulemba sewero adziwa chifukwa chake. Babu yoyaka m'chipinda cha mnyamata siikwanira kutsekera filimu imene yaonetsa anthu akufa. Woonera ku America afuna kudzuka pampando ataona madzi akuyenda m'mizere. Koma mathero okomawa ali ndi mtengo wake, ndipo olipira ndife. Amaphunzitsa kuti njala ya 2002 idali nkhani ya mvula ndi ya umbuli, ndipo kuti mankhwala ake adali mwana mmodzi wanzeru. Mbiri ikunena zina. Zokolola za 2001 zidatsika chifukwa cha mvula yoononga, n'zoona. Koma pa nthawi yomweyo chimanga choposa matani 160,000 cha m'nkhokwe za boma chidali chitagulitsidwa, boma ndi IMF nkumalozana chala za amene adalangiza zimenezo. Ndondomeko yogawa mbewu ndi feteleza ya Starter Pack idali itachepetsedwa. Mtengo wa chimanga m'misika ina udakwera pafupifupi kakhumi. Boma la Dr Bakili Muluzi lidavomera kuti m'dziko muli tsoka kumapeto kwa Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kudya gaga, zitsinde za nthochi ndi mizu ya m'tchire. Njala yotere siithawa dayinamo.

Ndipo munthu wa ku Mdeka adziwa bwino kuposa wina aliyense kuti kusowa kwa magetsi si kusowa kwa nzeru. Mtsinje wa Shire uli pafupi nafe. Pa Nkula adayamba kupanga magetsi m'chaka cha 1966, pa Tedzani mu 1973. Nthambo zonyamula magetsiwo kupita ku Blantyre zimadutsa pamwamba pa minda ya dera lino, ndipo mibadwo ya ana yakula ikuwerenga ndi koloboyi pansi pa nthambo zomwezo. Kalembera wa 2018, chaka chimodzi filimu isanatuluke, adapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'dziko muno, 11 zokha ndi zimene zinkaunikira ndi magetsi. Tikamaombera m'manja mnyamata amene adakatola magetsi kudzala, tizifunsanso chifukwa chake adayenera kupita kudzala.

Komabe ndingachite chinyengo nditapanda kunena zimene filimuyo idachita bwino, pakuti ndidaziona ndi maso. Kuseka kuja kudatha pamene chigawo cha Njala chidayamba. Pamene William adathamangira kumsika wa boma ndi thumba lopanda kanthu, anthu akukankhana pachipata. Pamene anthu anjala adalowa m'nyumba nakokolola chakudya pamaso pa mai ndi mwana wake wamkazi. Pamene banja lidagwirizana zodya kamodzi patsiku, m'chipindamo mudali zii. Palibenso amene adamva katchulidwe ka mawu. Azakhali adayamba kutchula maina a anthu a m'mudzi mwathu amene sadaone zokolola za chaka chimenecho, ndipo achinyamata obadwa njalayo itapita adamva zinthu zimene sadauzidwepo. Filimuyo idasonyezanso, monga buku, mfumu ikumenyedwa chifukwa chonena za njala pa msonkhano wa mtsogoleri wa dziko. Pa zaka za Censorship Board chithunzi chotere sichikadadutsa pa Chileka.

Apa ndi pamene ndikuona phindu lenileni la filimuyi m'mbiri yathu. Dera la Lunzu ndi Lirangwe lidazunzika koopsa ndi njala ya 1949. Megan Vaughan, amene adaphunzitsapo pa Chancellor College, adafufuza za njalayo m'midzi yomweyi nalemba The Story of an African Famine, buku limene lidatuluka mu 1987. Adapeza kuti zimene malipoti a atsamunda sadalembe, amai adazisunga m'nyimbo za pamtondo: za amuna amene adapita kukafuna chakudya osabwerera, za maukwati amene adatha, za chibale chimene njala idadula. Mtondo ndiwo udali laibulale ya 1949. Koma lero chigayo chili pa msika uliwonse, ndipo chigayo sichiyimba. Njala ya 2002 ikadatha kuiwalika mwakachetechete, kutsala m'malipoti a mabungwe olembedwa m'Chingerezi. Kuti ana a ku Mdeka aifunse, padafunika kuti mlendo aikonze pa chithunzi. Akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Sadanene kuti kalumoko sikatema.

Mkangano wotere si wathu tokha. Ejiofor yemweyo adachita nawo filimu ya Half of a Yellow Sun ya 2013, yochokera m'buku la Chimamanda Ngozi Adichie lonena za nkhondo ya Biafra. Anaijeriya ena adakwiya kuti mbali ya mkazi wa Chiigbo adaipatsa Thandiwe Newton, mwana wa Mngerezi ndi Mzimbabwe, ndipo mu 2014 bungwe lounika mafilimu la dzikolo lidaichedwetsa miyezi ingapo poopa kuti ikanda zipsera za nkhondo. Kumenekonso funso lidali lakuti mwini chilonda ndani, ndipo ndani ali ndi ufulu wochionetsa. Yankho lolimba adalipereka kalekale Ousmane Sembène wa ku Senegal. Iye adali wolemba mabuku, koma ataona kuti anthu amene amawalemba sangawerenge Chifalansa, adakaphunzira kujambula, ndipo mu 1968 adatulutsa Mandabi, filimu yochokera m'nthano yake yomwe, m'chiyankhulo cha Chiwolofu. Sadataye nthawi kudandaula za katchulidwe ka Afalansa.

Kuno kwathu njira yoteroyo idatsekulidwa kale, ngakhale ndi yopapatiza. Shemu Joyah adatulutsa Seasons of a Life mu 2008, The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017, ndipo yomalizayi ndiyo idakhala filimu yoyamba imene Malawi adatumiza ku Oscar. Joyce Mhango Chavula adapambana mphotho ya Africa Magic ndi filimu yake ya Lilongwe mu 2016. Ndi angati mwa amene adanyoza Chichewa cha Ejiofor adagulako filimu imodzi mwa zimenezi ndi ndalama zawo? Ndi angati adaiona ya Ejiofor yomweyo osaikopera pa memole khadi? Tikufuna ochita sewero athu atchuke mpaka maina awo azikoka ndalama za ku London, koma tikukana kulipira pakhomo.

Tsono funso likubwera kwa ife a m'bwalo lino, amene timakumana kudzang'ambirana ndakatulo. Pa mashelefu athu pali Nthondo ya Samuel Nthara, Sikusinja ndi Gwenembe ya John Gwengwe, Njala Bwana ya Willie Zingani, ndi nthano zina zimene zidabadwira m'Chichewa, zosafuna womasulira. M'midzi ya Mdeka, Lirangwe ndi Chileka mudakali amai amene adaona 2002, ndi agogo owerengeka amene adaona 1949. Mwa ife muli ophunzira zisudzo, mbiri, ziyankhulo ndi sayansi, ndipo lamya ya m'thumba lero imajambula bwino kuposa makina onse a Central African Film Unit. Ejiofor adaloweza chiyankhulo cha eni ake ali wamkulu kale, napita kukaima padzuwa la ku Kasungu, kuti anene nkhani imene adaikhulupirira. Adaphonya katchulidwe, ndipo tidachita bwino kumuuza. Koma pagule fumbi ndiwe mwini. Tikapitiriza kukhala m'mbali mwa bwalo n'kumawerenga zolakwa za wovina, nkhani ya njala yotsatira adzatiuzanso ndi mlendo, ndipo ameneyo mwina sadzavutika n'komwe kuphunzira moni wathu.